Sikani ya Pathupi Pongoyamba Kumene ndi Nkhani ya Kupita Padera: Mafunso ndi Mayankho

Kwathu kuno pathupi pongoyamba kumene sipalengezedwa. Mayi amadziwa yekha, mwina ndi mwamuna wake, ndipo ena onse adzaonera chitenje chikayamba kukwera. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi anayi aliwonse, mmodzi yekha ndiye ankayamba sikelo miyezi itatu yoyambirira isanathe. Chovuta n'chakuti miyezi yobisidwayo ndiyo imene mimba zambiri zimachoka, ndipo mayi amakumana nazo ali yekhayekha.

Kodi makina a sikani amaona bwanji za m'mimba? Savulaza mwana?

Makinawa amagwiritsa ntchito mawu okwera kwambiri amene khutu la munthu silingamve. Kachipangizo kamene wojambula amayendetsa pamimba kamatumiza mawuwo m'thupi, iwo amagunda ziwalo n'kubwerera, kompyuta n'kuwasandutsa chithunzi. Si X-ray ayi, mulibe cheza chilichonse. Amene anayambitsa ntchitoyi pa amayi ndi dokotala Ian Donald wa ku Glasgow ku Scotland, mothandizana ndi injiniya Tom Brown, ndipo analemba zomwe anapeza mu 1958. Nzeruyo anaitenga ku makina ofufuzira ming'alu m'zitsulo kumafakitale. Kuchokera nthawi imeneyo amayi miyandamiyanda ajambulidwa, ndipo sipanapezeke umboni wakuti sikani imachotsa mimba.

Mayi amauzidwa kuti amwe madzi ambiri ndipo asakodze, chifukwa chikhodzodzo chikadzaza, chiberekero chimaoneka bwino. Amagona chagada, n'kutsitsa chitenje pang'ono, ndipo amamupaka mankhwala oterera ozizira pamimba. Mimba ikakhala yaing'ono kwambiri, zipatala zina zimagwiritsa ntchito kachipangizo kena kovekedwa kondomu kamene amalowetsa m'njira yoberekera. Ambiri amachita manyazi, ena mantha, koma njira imeneyi imaonetsa msanga ndiponso bwino, ndipo sikhudza mwana. Mayi ali ndi ufulu wopempha kuti pakhale namwino wamkazi m'chipindamo.

Nthawi yabwino yojambulitsa ndi iti?

Mu 2016 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi woyembekezera azionana ndi achipatala kasanu ndi katatu, ulendo woyamba masabata 12 asanathe, komanso kuti ajambulidwe kamodzi masabata 24 asanakwane. Sikani imeneyi imathandiza kudziwa msinkhu wa mimba ndi kuona ngati muli mapasa. Koma alipo amayi ofunika kujambulidwa msanga: amene akutaya magazi, amene akumva ululu m'munsi mwa mimba, amene anapitapo padera, amene mimba ina inakhalapo kunja kwa chiberekero, ndi amene sakukumbukira tsiku limene anasamba komaliza.

Tsiku limeneli n'lofunika kulilemba, chifukwa achipatala amawerengera masabata kuchokera pa tsiku loyamba la msambo womaliza. Choncho akati mimba ili ndi masabata 6, kamwanako kangokhala masabata anayi okha chipangidwire.

Makinawa amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ndi Bwaila ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central, komanso m'zipatala za maboma ndi zambiri zolipira. Zipatala zazing'ono zambiri za m'midzi zilibe, choncho namwino amalemba kalata yotumiza mayi ku chipatala cha boma. Amene akufuna kudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi adikire kaye. Zimenezo zimaoneka cha m'masabata 18 mpaka 20.

Chimaoneka n'chiyani mimba ikadali yaing'ono chonchi?

Zochepa kwambiri, ndipo mpake kudziwiratu. Pa masabata 5 pamangooneka kathumba kakuda kozungulira m'chiberekero. Patapita masiku ochepa, m'kati mwake mumaoneka kamkombero koyera kamene kamadyetsa kamwanako. Cha pa masabata 6 kamwanako kamayamba kuoneka, kakang'ono kuposa njere ya mpunga, ndipo wojambula akaonetsetsa amaona kadontho kakuphethira mofulumira. Ndiwo mtimawo. Ngati akujambulira pamwamba pa mimba, zonsezi zimachedwa kuoneka ndi sabata imodzi kapena kuposerapo.

Mtima ukaoneka ukugunda pa masabata 8, mwayi woti mimbayo ipitirira umakhala waukulu zedi. Komabe sikani ndi chithunzi cha tsiku limenelo basi, sichilonjeza za mawa.

N'chifukwa chiyani nthawi zina amati "mubwerenso sabata yamawa" osanena chenicheni?

Apa ndi pamene amayi ambiri amadandaulira achipatala, koma kudikiraku kuli ndi chifukwa chomveka. Mayi akhoza kuwerengera kuti ali ndi masabata 7 pamene dzira linachedwa kutuluka ndipo mimbayo ili ndi masabata 5 okha. Pa chithunzi, mimba yamoyo ya masabata 5 ndi mimba imene inasiya kukula zimaoneka chimodzimodzi: kathumba kopanda kanthu.

Pali miyeso imene madokotala amatsatira. Sanganene kuti mimba yafa pokhapokha kamwanako katatalika mamilimita 7 kapena kuposa koma mtima osagunda, kapena kathumbako katakula mamilimita 25 koma mulibe kamwana. Kale ku Britain ankagwiritsa ntchito mamilimita 6 ndi 20, mpaka mu 2011 pamene ofufuza a ku London anasonyeza kuti ndi miyeso imeneyo mimba zina zamoyo zikanatha kuyesedwa zakufa. Malamulo anasinthidwa chaka chomwecho. Ndiye ngati miyeso sinakwane, amadikira masiku 7 mpaka 14 n'kujambulanso.

Masiku amenewo ndi owawa. Tulo sitibwera, nsima siilowa. Koma mayi amene wauzidwa kuti atsukidwe m'chiberekero pa sikani imodzi yokha, chonsecho sakutaya magazi ambiri ndipo sakudwala, ali ndi ufulu wofunsa kuti, "Adokotala, mwatsimikiza? Sitingajambulenso?" Dokotala wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi funso lotere.

Kodi kupita padera kumachitika kawirikawiri?

Kwambiri, kungoti sikukambidwa. Magazini ya zachipatala ya The Lancet inalemba mu 2021 kuti mwa mimba 100 zilizonse zodziwika, pafupifupi 15 zimachoka, ndipo padziko lonse zimakwana 23 miliyoni pachaka. Zambiri zimachoka masabata 12 asanathe. Zaka za mayi nazonso zili ndi mbali: kwa osakwana zaka 30 ndi mimba imodzi mwa khumi, pamene kwa opitirira zaka 45 ndi zoposa theka.

Nanga wolakwa amakhala ndani?

Funsoli limapasula mabanja. Mimba ikachoka, apongozi amayamba kufufuza: wina akuti mtengwayo amalimbikira kulima, wina akuti mwamuna anayenda kunja ndipo wamudula mkazi wake, wina akuloza agogo ena a kutsidya kuti ndi amene amulodza. Nkhani za mdulo ndi tsempho zikayambika, mayi amene akufunika kupuma amasanduka woimbidwa mlandu.

Zimene achipatala apeza n'zakuti pafupifupi theka la mimba zochoka msanga zimachoka chifukwa kamwanako sikanapangike bwino kuyambira tsiku loyamba. Munthu amakhala ndi timagulu 46 ta malangizo a chibadwa totchedwa ma chromosome, 23 kuchokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Nthawi zina pogawikana kamodzi kamachuluka kapena kuperewera, mwangozi chabe, ndipo mimba yotere singakule ngakhale mayi atagona pabedi miyezi itatu. Kusenza ndowa, kusinja, kukwera kabaza pamsewu wa zigwembe, kukhala malo amodzi ndi mwamuna, kukangana: zonsezi sizichotsa mimba yabwinobwino.

Zilipo zina zimene zimaonjezeradi chiopsezo, ndipo izi ndi zofunika kuzilimbikira. Malungo ali patsogolo, n'chifukwa chake neti ndi yofunika kuyambira tsiku loyamba, ndipo thupi likatentha mayi akayezetse tsiku lomwelo. Fansidar wa kusikelo amayamba kuperekedwa miyezi itatu yoyamba ikatha. Chindoko chimachotsa mimba zokulirapo kapenanso kupha mwana m'mimba, chonsecho chimachizika ndi jakisoni wa penisilini. Apa bambo naye ayenera kubayitsa. Matenda a shuga osasamalidwa, fodya, mowa, ndi mankhwala azitsamba osadziwika mphamvu yake nazonso n'zoopsa.

Magazi akayamba kutuluka, ndiye kuti mimba yachoka?

Osati nthawi zonse. Pafupifupi mayi mmodzi mwa anayi amaona magazi m'miyezi itatu yoyamba, ndipo ambiri mwa iwo amadzabereka bwinobwino. Komabe magazi alionse ndi ofunika kukawanena kuchipatala.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche: magazi onyowetsa mapadi awiri kapena kuposa pa ola limodzi, ululu woopsa mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, kupweteka kwa nsonga ya phewa, chizungulire kapena kukomoka, kutentha thupi, ndi kutuluka zonunkha. Ululu wa mbali imodzi ndi wa paphewawo ukhoza kusonyeza kuti mimba yakhala kunja kwa chiberekero, kawirikawiri m'njira yodutsa dzira. Zimachitika pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100. Njirayo ikaphulika, magazi amathira m'kati mwa mimba osaoneka kunja, ndipo mayi akhoza kumwalira m'maola ochepa. Ntchito yaikulu ya sikani yoyambirira ndi imeneyi, kuona kumene mimba yakhala.

Palinso mimba zimene zimasiya kukula mwakachetechete, popanda magazi kapena ululu, mseru ukupitirirabe. Mayi amapita kokajambulitsa akusekerera, n'kukamvera komweko.

Munthu angakonzekere bwanji zinthu zimene sakuzifuna?

Ena amati kulankhula za kupita padera n'kuitana tsoka. Kulankhula sikuchotsa mimba. Mayi safunika kulengeza ku tchalitchi kapena ku banki mkhonde, koma pakhale munthu mmodzi kapena awiri odziwa, amene angadzuke usiku: mayi ake, mchemwali, mnzake wapamtima. Banja lipatule kangachepe ka thiransipoti, lisunge nambala ya foni ya munthu wa galimoto kapena njinga yamoto, ndipo lidziwiretu chipatala chapafupi chimene chimagwira ntchito usiku. Buku la kuchipatala, mapadi ndi zitenje ziwiri zikhale malo amodzi.

Pa tsiku la sikani ndi bwino kupita ndi wina. Munthu akamva mawu akuti "mtima sukuoneka", zotsatira zonse sazimvanso, ndiye woperekezayo ndi amene amagwira malangizo. Abambo amene amatsalira panja pa mtengo akuseweretsa foni akanachita bwino kulowa nawo. Mayi afunsenso gulu la magazi ake, chifukwa amene ali ndi magazi a Rhesus negative angafunike jakisoni wa anti-D woteteza mimba zam'tsogolo.

Akatsimikiza kuti mimba yachoka, chimatsatira n'chiyani?

Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi kudikira sabata imodzi kapena awiri kuti thupi litulutse lokha. Yachiwiri ndi mapiritsi a misoprostol amene amafinya chiberekero. Mayi amamva kupotokola koposa kwa msambo ndipo amatuluka magazi a zibuluma. Yachitatu ndi kutsuka m'chiberekero ndi kachipangizo koyamwa ndi dzanja kotchedwa MVA, ntchito ya mphindi zochepa imene amayamba apereka mankhwala opha ululu. Wotaya magazi ambiri kapena wotentha thupi alibe nthawi yodikira, amatsukidwa msanga.

Amayi ena amazengereza kupita kuchipatala poopa kunenedwa kuti achotsa dala. Mantha amenewa aphetsa anthu, chifukwa zotsalira m'chiberekero zikaola zimaononga magazi onse. Chithandizochi ndi cha mayi aliyense amene mimba yake yachoka.

Pambuyo pake thupi ndi mtima zimatani? Angadzatengenso pathupi liti?

Magazi amapitirira sabata imodzi kapena awiri akucheperachepera, ndipo ndi bwino kudikira kuti asiye asanakhalenso malo amodzi ndi mwamuna. Kachida koyezera mimba kakhoza kuonetsabe mizere iwiri kwa masiku angapo, koma ngati kakutero patatha masabata atatu, mayi abwerere kuchipatala. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti dzira likhoza kutuluka patangotha masabata awiri, msambo usanabwere n'komwe, choncho wosafuna mimba ina msanga atenge njira yolera asanatuluke m'chipatala.

Chisoni ndiye chilibe kalendala. Mimba yaing'ono ilibe maliro, palibe wobwera kudzapepesa, ndipo mawu oti "ukadali mwana, udzabereka ena" amabaya ngakhale wonenayo akufuna kutonthoza. Ena zimawatha m'masabata, ena miyezi. Mayi amene sakugona, sakudya, kapena akuganiza zodzipweteka akufunika kuonana ndi achipatala, monga mmene akanachitira ndi matenda ena alionse. Bambo nayenso waferedwa, ngakhale palibe womufunsa.

Pa za kutenganso pathupi, m'zipatala zambiri amalangiza kudikira miyezi 6, potsatira malangizo akale a WHO. Kafukufuku wa ku Scotland wa mu 2010 anapeza kuti amayi amene anatenga pathupi miyezi 6 isanakwane sanakumane ndi mavuto ochuluka kuposa amene anadikira. Chofunika n'chakuti magazi abwerere m'thupi, matenda amene anapezeka achizidwe, ndipo mayiyo amve kuti wakonzeka. Ayambiretu kumwa mapiritsi a folic acid. Ambiri amene anapita padera kamodzi amadzabereka bwino ulendo wotsatira. Pafupifupi mayi mmodzi mwa 100 ndiye amapita padera katatu motsatizana, ndipo woteroyo apemphe kalata yopita kwa dokotala wa matenda a amayi kuti akamuyeze shuga, chithokomiro, kaundanidwe ka magazi ndi mmene chiberekero chinapangikira. Ku Britain, kuyambira mu 2021, mayi amene anapitapo padera ndipo wayambanso kutaya magazi pa mimba yatsopano amapatsidwa mankhwala a progesterone, sikani ikatsimikiza kuti mimbayo ili m'chiberekero. Mayi wa mbiri yotere afunse adokotala ake ngati mankhwalawa angamuyenere.