Kodi matenda a mtima amene anatenga mchimwene wanga ndili nawonso?

Funso: Adokotala, mchimwene wanga anamwalira mwadzidzidzi akusambira, ali ndi zaka 19. Anali atamupeza ndi matenda akumtundu otchedwa Long QT syndrome. Inenso ndinakomokapo kamodzi. Ndingadziwe bwanji ngati moyo wanga uli pachiswe?
Wowerenga, Zomba

Yankho: Pepani ndi zovutazo. Matendawa amasokoneza timagetsi toyendetsa kugunda kwa mtima. Kholo likakhala nawo, mwana aliyense akhoza kutengera, 50 pa 100.

Choyamba, kapimitseni ECG. Timayeza nthawi imene mtima umatenga kukonzekera kugundanso, yotchedwa QTc. Ikapitirira mamilisekondi 460 timakayikira, ikadutsa 500 ndiye kuti ngozi ndi yaikulu. ECG imodzi yabwino sikutanthauza kuti mulibe, n'chifukwa chake timabwereza, kapena kupimanso mukuchita masewera olimbitsa thupi.

Chachiwiri, tiuzeni mmene munakomokera, chifukwa zimathandiza kudziwa mtundu wa matendawa. Mtundu wa LQT1 umabuka pothamanga kapena posambira, LQT2 munthu akadzidzimuka ndi phokoso, pomwe LQT3 umakonda kubwera kutulo. Kuyeza majini kumatsimikizira mtunduwo.

Mukapezeka nawo, mankhwala monga propranolol kapena nadolol amachepetsa ngozi kwambiri. Amene mtima wawo unaimapo amawaika kachipangizo ka ICD pachifuwa.

Pakadali pano lekani kusambira. Musamwe quinine kapena erythromycin musanafotokozere dokotala za m'banja mwanu. Mukatsekula m'mimba thamangirani kuchipatala, chifukwa potaziyamu akachepa m'magazi vutoli limakula. Makolo ndi abale anu onse akapimitsenso.