Phunziro la Mwezi Uno: Kudziwitsa Anthu Zovala Zimene Timasoka

Amayi anzathu, m'magulu athu ambiri muli makina osokera ndiponso manja aluso. Timasoka madiresi, malaya, mayunifomu a sukulu ndi zikwama za chitenje. Koma tikamaliza timazipinda n'kuziika m'sutikesi, kudikira kuti wina abwere yekha kudzafunsa. Chikhalirecho nsalu ndi ulusi zakwera mtengo, makamaka chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kaunjika ali pamsika uliwonse. Chovala chimene chagona m'sutikesi ndi ndalama ya fizi, ya feteleza ndi ya mankhwala imene yagona. Ambirife sitingathe kulipira wailesi kapena nyuzipepala kuti atilengezere malonda. M'phunziro lino tiona mmene foni ya m'manja ingatithandizire pamtengo wa bandulo yokha.

1. Chovala chimadziwika chili pathupi

Mu Seputembala 2019, Meghan, mkazi wa Prince Harry wa ku Britain, adacheza ku Cape Town m'dziko la South Africa atavala diresi yosokedwa kuno ku Malawi ndi amayi a kampani yaing'ono yotchedwa Mayamiko. Zithunzi zake zitafalikira pa intaneti, madiresi a mtundu umenewo adagulidwa mpaka kutha. Anthu ambiri kunjako adamva dzina la kampaniyo tsiku lomwelo.

Ife sitidzaveka mkazi wa mwana wa mfumu, koma phunziro lake ndi lathu. Anthu amakopeka akaona chovala chili pathupi la munthu amene amamudziwa. Mphunzitsi wa pasukulu yathu, namwino wa pachipatala, mayi wotsogolera mwambo wa chinkhoswe, onsewa amaonedwa ndi anthu ambiri. Tikawasokera bwino, tiwapemphe mwaulemu kuti akaika chithunzi chawo pa foni atchule dzina la gulu limene lasoka.

2. Tikhale ndi dzina limodzi

Munthu sangauze mnzake za ife ngati tilibe dzina. Tisankhe dzina lalifupi, losavuta kutchula, ndipo tisamalisinthesinthe. Dzinalo likhale pa WhatsApp, pa Facebook, ndi pakansalu kakang'ono kosokerera kukhosi kwa chovala chilichonse. Tikhalenso ndi nambala imodzi ya foni yolandirira maoda, ndi mayi mmodzi wosankhidwa woyankha. Maoda akamafika kwa anthu anayi osiyana, ena amasowa, ndipo mikangano imayambira pomwepo.

3. Chithunzi chabwino sichifuna ndalama

Tisanajambule, tichotse timaulusi totsala, tisite chovala, tipukutenso diso la kamera ndi kansalu kofewa. Tijambulire panja pamthunzi, m'mawa kapena chakumadzulo, chifukwa dzuwa la masana ndi babu la m'nyumba zimasintha mtundu wa nsalu. Kumbuyo kukhale khoma loyera, osati zidebe ndi zovala zoyanika. Chovala chimodzi tichijambule katatu: kutsogolo, kumbuyo, ndi pafupi pomwe pali msoko, zipi kapena mpendero. Wodziwa zovala amayamba kuona msoko.

Pansi pa chithunzi tilembe zinthu zinayi: mtengo, saizi, masiku amene timatenga kusoka, ndi kumene tikupezeka. Ambiri amachita manyazi kufunsa mtengo, ndiye akapanda kuuona amangodutsa.

4. Tiyambire pomwe pali anthu athu

WhatsApp ndiyo ili m'mafoni a abale ndi anansi athu ambiri. Chithunzi choikidwa pa Status chimakhala maola 24, ndipo amachiona ndi anthu amene tidasungirana nawo manambala. N'chifukwa chake aliyense wogula timupemphe asunge nambala yathu, ifenso tisunge yake. Palinso WhatsApp Business, imene idayamba mu 2018. Kuiika m'foni n'kwaulere, ndipo ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu pamodzi ndi mitengo yake, kuti wofunsa aone zonse popanda ife kumutumizira chimodzichimodzi.

Pa Facebook tingatsegule tsamba la gulu lathu kwaulere. Kumeneko n'kumene angatione anthu a m'maboma ena ndi abale athu a ku Johannesburg, amene amafuna zovala za chitenje pa maukwati. Instagram ndi TikTok zimakondedwa ndi achinyamata, koma makanema amadya bandulo msanga. Tisathamangire zonse nthawi imodzi. Ndi bwino kusamala malo awiri kusiyana ndi kutsegula asanu n'kuwasiya. Zithunzi ziwiri kapena zitatu pa sabata, sabata iliyonse, n'zokwanira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tizionanso nyengo. Mayunifomu tiwaonetse sukulu zisanatsegulidwe, zovala za zinkhoswe ndi maukwati anthu akangokolola, za ana Khirisimasi isanafike. Kuyambira mu 2016, pomwe boma lidakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, ogwira ntchito m'maofesi ambiri adazolowera kuvala chitenje Lachisanu. Amenewa tiwaonetse malaya ndi madiresi kumayambiriro kwa sabata.

5. Tisaname ndipo tisanamizidwe

Pali chiyeso chotenga chithunzi chokongola pa intaneti n'kumati tasoka ndife. Wogula akalandira chosiyana ndi chimene adaona, adzati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo foni yomwe ija idzafalitsa mbiri yathu yoipa tsiku limodzi. Tionetse zathu zokha. Tikalonjeza Lachinayi, likhale Lachinayi. Ngati magetsi kapena maliro atichedwetsa, timuuze mwini chovala tsikulo lisanafike.

Tisaike chithunzi cha munthu tisanamupemphe, ndipo cha mwana tisaike popanda chilolezo cha makolo ake. Wokana kuonetsa nkhope timujambule kuyambira m'mapewa kutsika. Tipewenso kuthira malonda m'gulu la WhatsApp limene lidatsegulidwira za maliro kapena za sukulu, pokhapokha otsogolera atalola.

Akuba nawonso ali pa foni. Wina amatumiza uthenga wooneka ngati wa Airtel Money kapena Mpamba, n'kunena kuti walipira. Tisapereke katundu tisanaone tokha kuti ndalama yalowadi. Nambala yathu yachinsinsi tisauze munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni. Chimodzimodzinso manambala 6 amene WhatsApp imatumiza: wowadziwa angathe kutilanda WhatsApp yathu n'kumapempha ndalama m'dzina lathu. Pa oda iliyonse tizilandiriratu ndalama yokwanira kugula nsalu, ndipo tizilemba m'kope.

6. Mutu umodzi susenza denga

Si tonse tili ndi foni yojambula, ndipo ena maso adayamba kufooka. Gulu lingasonkhe ndalama ya bandulo, n'kupempha mtsikana mmodzi wokhulupirika kuti aziphunzitsa amayi. Koma nambala yachinsinsi ndi kope la ndalama zikhale m'manja mwa msungichuma. Tsiku loika chithunzi chatsopano, amayi onse amene ali ndi foni achiike pa Status. Amayi khumi akatero, chovala chimodzi chafika m'makomo ambiri popanda kulipira wotilengezera.

Mafunso okambirana

1. Kodi ndi zovala zingati zimene zagona m'masutikesi a gulu lathu, ndipo tidaikapo ndalama zingati?
2. Ndi anthu atatu ati m'dera lathu amene tingawasokere n'kuwapempha kuti atitchule?
3. Tingatani wogula akadandaula pagulu kuti chovala sichidamukwane?

Zochita tisanakumanenso

Mayi aliyense wosoka abweretse chovala chimodzi chosita bwino. Tidzasankha dzina la gulu, tidzajambula zovalazo pamodzi, ndipo mlembi adzalemba m'kope anthu onse amene afunsa mtengo mwezi umenewo, kuti pamsonkhano wotsatira tidzaone ngati tikupita patsogolo.