MSODZI M'CINGEREZI: MAU ANAI

Abale, ambiri a ana anu akhala m'makomboni a ku Lusaka, monga Kanyama, Matero ndi Chawama, ndipo ena a iwo adyera m'nsomba cinkana sanakwerepo bwato. Polemba nchito yao m'Cingerezi pa zikalata za Boma, kawiri-kawiri alemba fisherman, dzina limene siliri lao.

Fisherman ndiye msodzi weni-weni, wakuponya ukonde kapena kukoka khoka kuti adyetse a pa banja pace, monga a ku Mpulungu, a pa Kafue, ndi a pa Kariba, m'mene anathiramo kapenta wocokera ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968. Koma mai wakugula kapentayo m'matumba, namgulitsa pa msika wa Soweto, achedwa fishmonger, pakuti monger ndi mau akale onena wamalonda. Awiriwa lamulo liwafunsa zosiyana. Kuyambira pa 1 Disembala kufikira kutha kwa Febuluwale Boma liletsa kusodza pa Kafue kuti nsomba ziswane. Msodzi wopezeka pamadzi alandidwa ukonde, pamene wamalonda afunsidwa kalata yoonetsa kumene nsomba zace zinacokera.

Mau acitatu ndi angler, ndiye wowedza. Acokera ku angle, dzina la mbedza m'Cingerezi ca makedzana, losiyana ndi angle wa ngondya amene ana aphunzira pa masamu. Komatu kwa Angerezi mauwa amveka za munthu wokhuta, wowedza cifukwa ca kukondwa nako, monga Izaak Walton amene analemba buku la kuwedza mu 1653. Mnyamata wakupita kumtsinje cifukwa kwao kulibe ndiwo, ine sindimucha angler.

Akale koposa ndi fisher. Baibulo la Cingerezi la 1611 lichula Simoni ndi Andreya ndi mau amenewa. Pambuyo pace anthu anawaleka m'kulankhula kwao, koma masiku ano abwereranso m'malipoti a za nsomba, popeza aphatikiza akazi omwe, ndipo ife tidziwa amai athu akugwira nsomba ndi madengu m'madambo madzi akamaphwa. Wophunzira acenjere pang'ono potsegula dikishonale: adzapezamonso fisher wina, kanyama ka ubweya ka m'nkhalango za ku Canada, kamene kadya akalulu ndi nungu, koma nsomba kamodzi-kamodzi.