Kupeza Njira Netiweki Ikachoka: GPS ya mu Foni, Kampasi ndi Mapu pa Nthawi ya Madzi Osefukira

Anthu okhala m'chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, pamodzi ndi a m'tsinde mwa mapiri a Mulanje, Phalombe ndi Zomba, amadziwa njira za kwawo popanda kufunsa, chifukwa amayendera zizindikiro zimene anakula akuziona, monga mlambe, chulu, mjigo, manda ndi mlatho. Kuipa kwa madzi osefukira n'kwakuti amayamba ndi kumiza zizindikiro zomwezo, ndipo kawirikawiri amabwera usiku, mvula ikukhuthuka, magetsi atazima ndiponso netiweki itachoka. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy, amene anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 ndi kusamutsa ena oposa 500,000, anadula misewu ndi milatho mpaka madera ena ankafikika pa boti kapena pa helikopita basi. Kapepala kano kakufotokoza zida zitatu zimene sizidalira intaneti, zomwe ndi GPS ya mu foni, kampasi ndi mapu apapepala, ndipo kalembedwera makamaka makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, alangizi, aphunzitsi ndi mafumu.

GPS ya mu foni

GPS ndi njira yodziwira malo amene munthu waima pogwiritsa ntchito masetilaiti, omwe ndi makina ozungulira dziko lapansi m'mlengalenga. Masetilaiti a GPS ndi a boma la America, alipo osachepera 24, ndipo amayenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi, akuulutsa kosalekeza uthenga wonena pamene ali ndi nthawi imene autumizira. Foni ikalandira uthenga wa masetilaiti anayi kapena kuposerapo imawerengera kutalika kwake ndi iliyonse, n'kupeza pamene ili, ndipo pabwalo poyera siiphonya kupitirira mamita ochepa. Mafoni ambiri atsopano amamveranso masetilaiti a Galileo a ku Ulaya, GLONASS a ku Russia ndi BeiDou a ku China.

Mfundo imene anthu ambiri saidziwa, ngakhale ndiyo yofunika koposa, ndi yakuti foni imangomvera uthengawu monga mmene wailesi imamverera pulogalamu, moti sipafunika mayunitsi, bandulo kapena nsanja ya netiweki. Chimene chimafuna intaneti ndi chithunzi cha mapu chimene kadontho koonetsa munthuyo kamakhalapo, ndiye chifukwa chake foni yosakonzekeretsedwa imangoonetsa kadontho pamalo opanda kanthu, mwini wake n'kuganiza kuti GPS yafa pamene ikugwira ntchito bwinobwino. Mankhwala ake ndi kukopera mapu a boma lonse mu foni nyengo ikadali yabwino. Mapulogalamu a Organic Maps ndi OsmAnd amagwiritsa ntchito mapu a OpenStreetMap, omwe amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka kuyambira mu 2004, ndipo amatha kulondolera woyenda pansi popanda intaneti, pamene Google Maps imalolanso kusunga mapu koma ikakhala yopanda intaneti imalondolera njira za galimoto zokha. Mafoni ambiri a mabatani alibe GPS, choncho komiti iyenera kudziwiratu anthu a m'mudzi amene mafoni awo ali nayo, makamaka achinyamata, aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo.

Popanda netiweki foni imachedwa kupeza masetilaiti, nthawi zina kwa mphindi zingapo, ndipo imavutika kwambiri m'nyumba ya malata, pansi pa mitengo yowirira ndi m'zigwa zozunguliridwa ndi mapiri, kotero woigwiritsa ntchito ayenera kutuluka panja ndi kudikira modekha. Batire ndilo limatha msanga, chifukwa foni yosowa netiweki imalimbana kuifunafuna. Kuiika pa airplane mode kumaletsa kufunafunako koma sikuzimitsa GPS, ndipo ndi bwino kuchepetsa kuwala kwa galasi, kuikulunga mu jumbo youma, ndi kusunga power bank yodzaza kapena kasola kotchajira.

Manambala awiri amene opulumutsa amamva

Phindu lalikulu la GPS silili kwa munthu wothawa yekha, amene mwina njira akuidziwa kale, koma lili pa kuthandiza mlendo wobwera kudzapulumutsa. Msilikali woyendetsa boti kapena woulutsa helikopita, amene mwina wachokera kunja monga anachitira a ku Tanzania ndi ku Zambia pa nthawi ya Freddy, sangapindule ndi uthenga wakuti anthu ali pa chulu cha kuseri kwa dimba la amfumu, poti dimbalo lili pansi pa madzi ndipo iye sanaliwonepo. Chimene angagwiritse ntchito ndi manambala awiri amene GPS imapereka pa malo aliwonse. Yoyamba, yotchedwa latitude, imanena kutalika kwa malowo kuchokera pa mzere wa equator umene umagawa dziko lapansi pakati, ndipo popeza Malawi ali kummwera kwa mzerewu, pakati pa madigiri 9 ndi 18, nambalayi imayamba ndi kamzere kochotsera kapena imatsatiridwa ndi chilembo S. Yachiwiri, yotchedwa longitude, imanena kutalika kwa malowo chakum'mawa, ndipo m'Malawi muno imakhala pakati pa madigiri 32 ndi 36. Mwachitsanzo, mzinda wa Blantyre uli pafupi ndi -15.79 ndi 35.01, pamene boma la Nsanje lili pafupi ndi -16.92 ndi 35.26.

Manambalawa amafuna kusamala kwakukulu powakopera. Digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111, zomwe zikutanthauza kuti kulakwitsa ndi imodzi yokha nambala yachiwiri ya kumanja kwa kadontho kumasuntha malowo ndi mtunda woposa kilomita, ndipo boti likhoza kutha mafuta likuzungulira pamadzi opanda munthu. Wolemba ayenera kulemba manambala onse amene foni yaonetsa, osachepera anayi kumanja kwa kadontho, kenaka wina awawerenge mokweza pofananitsa ndi a pafoni. Netiweki ikabwerera pang'ono, uthenga wa SMS umadutsa mosavuta kusiyana ndi kuimba kapena WhatsApp, ndipo uthengawo ukhale ndi manambala awiriwo, dzina la mudzi ndi la mfumu yaikulu, chiwerengero cha anthu, ndi kutchula ngati pali ovulala, amayi oyembekezera kapena okalamba. Komiti yochenjera siidikira tsiku la ngozi: m'chilimwe imayendera sukulu, tchalitchi, mzikiti, chipatala ndi zitunda zonse zothawirako, n'kulemba manambala ake m'kope, ndi kupereka kope lina ku ofesi ya bwanamkubwa, kumene kumakhala wogwira ntchito wa DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Kampasi

Kampasi ndi kachida kokwana m'dzanja, kokhala ndi singano ya maginito yoyandama m'timadzi, imene nsonga yake, kawirikawiri yofiira, imaloza kumpoto nthawi zonse. Sifuna batire, siopa mvula, ndipo imagwira ntchito usiku ndi pa chifunga. Ena angaganize kuti dzuwa n'lokwanira, koma pa namondwe dzuwa limabisika masiku angapo, komanso kummwera kwa Malawi, kuyambira kumayambiriro kwa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale, dzuwa la masana limapendekera kummwera pamene miyezi inayo limapendekera kumpoto, zomwe zimasokoneza ngakhale munthu wozolowera.

M'mphepete mwa kampasi mumakhala madigiri 360, ndipo kumpoto ndi 0, kum'mawa 90, kummwera 180, kumadzulo 270. Woigwiritsa ntchito amaigoneka pachikhatho, pafupi ndi chifuwa, osaipendeka, ndipo amaonetsetsa kuti khasu, chikwanje, njinga, wailesi, foni ndi denga la malata zili patali, chifukwa chitsulo chimakoka singano n'kuinamiza. Kuti apeze digiri ya kumalo othawirako, amaima pabwalo pamene anthu anagwirizana kukumana, amalozetsa muvi wa kampasi ku sukulu kapena ku chitunda chimene asankha, amazunguza mkombero mpaka chilembo N chigwirizane ndi nsonga yofiira, ndipo amawerenga nambala imene yafika pa muviwo. Ngati nambalayo ndi 70, ulendo wobwerera ndi 250, popeza pobwerera amawonjezera kapena kuchotsa 180. Usiku gulu limatumiza munthu mmodzi wa tochi patsogolo mamita makumi angapo, wogwira kampasi n'kumamuuza kuti asunthire kumanja kapena kumanzere mpaka alunjike pa digiriyo, kenaka onse amamupeza n'kubwerezanso. Kuchedwa kumeneku n'koyenera, chifukwa kuphonya ndi madigiri 5 pa kilomita imodzi kumataya munthu mamita pafupifupi 90, ndipo mumdima mamita amenewo ndi okwanira kudutsa sukulu osaiona.

Pogula kampasi pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa satchula kawirikawiri. Mphamvu ya maginito ya dziko imakokeranso singano pansi, ndipo mbali imene imaweramira kumpoto kwa equator ndi yosiyana ndi ya kuno, motero kampasi yopangidwira ku Ulaya ikhoza kumakhula pansi kapena kukakamira ikafika ku Malawi. Makampani monga Silva ndi Suunto amapanga ena oyenera kummwera kwa dziko lapansi ndi ena ogwira ntchito kulikonse, ndipo wogula ayenera kuigoneka ndi kuizunguza kuti aone ngati singano ikuyenda momasuka.

Mapu apapepala ndi malire a zida zonsezi

Nthambi ya boma yoona zoyeza malo ili ndi mapu a sikelo ya 1:50,000, kutanthauza kuti masentimita awiri papepala ndi kilomita imodzi pansi. Kumtunda kwa pepala ndiko kumpoto, ndipo mizere yokhotakhota yofiirira imalumikiza malo ofanana kukwera kwake, moti pamene yathithikana pali chitsetso, pamene yatalikirana pali chidikha chimene madzi amayamba kudzaza. Ambiri mwa mapuwa ndi akale ndipo anayezedwa ndi muyezo wa Arc 1950, wosiyana ndi wa WGS 84 umene mafoni amagwiritsa ntchito, choncho manambala a pa mapu ndi a pafoni akhoza kusiyana ndi mamita mazana angapo, ndipo wotumiza uthenga atchule kumene wawatenga. Kumene mapu otere sakupezeka, mapu ojambulidwa ndi anthu a m'mudzi eni ake papepala lalikulu, oonetsa mitsinje, madambo, nyumba za okalamba ndi za anthu olumala, ndi njira ziwiri zosiyana zopitira kumtunda, amagwira ntchito yomweyo, ndipo nzeru za akuluakulu amene anaona chigumula cha ku Phalombe mu 1991 kapena madzi a mu Januwale 2015 ziyenera kulowamo.

Palibe chida mwa zitatuzi chimene chimadziwa kuti mlatho wakokoloka kapena kuti phiri lagumuka, chifukwa mapu onse amaonetsa dziko monga linalili tsiku lojambulidwa. Foni ikhoza kulondolera anthu molunjika pa mtsinje wodzaza, ndipo kampasi imaloza mzere woongoka osasamala za chimene chili pakati. Madzi othamanga akuya masentimita 15 okha, ongopitirira pang'ono m'kakolo, amatha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo kwa mayi wobereka mwana kumsana ngoziyo ndi yoposa pamenepo. Njira ikamizidwa, gulu libwerere pamalo okwera amene lili nawo pafupi, litenge manambala a malowo ndi kudikira thandizo. M'madera a m'tsinde mwa mapiri, monga Chilobwe pansi pa phiri la Soche kumene matope ndi miyala zinakwirira nyumba mu 2023, njira yothawira isatsate khwawa ngakhale litaoneka lalifupi pa mapu, koma ichoke m'khwawamo cham'mbali.

Njira iliyonse yolembedwa iyenera kuyendedwa ndi mapazi mu Okutobala kapena Novembala, kamodzi masana ndi kamodzi usiku, pamodzi ndi ana ndi okalamba, chifukwa mtunda wa makilomita 4 umene mnyamata amatha pa ola limodzi ukhoza kutenga maola awiri kapena atatu kwa banja lonyamula katundu m'matope. Dzinja likatha njirazo ziyendedwenso ndipo kope likonzedwe, makamaka m'madera monga Makhanga kwa Mlolo, kumene mitsinje ya Ruo ndi Shire imasintha mayendedwe ake n'kudula njira zimene chaka chathachi zinali zouma.