Kaduwa ka Malemu Mayi Kakufota

Agogo, mphepo itathyola nthambi m'munda wa malemu mayi anga m'munsi mwa phiri la Zomba, ndinapezapo kachomera ka maluwa oyera onga nyenyezi. Ndinakadzala mumphika wa dothi lachonde ndipo ndimakathirira m'mawa ndi madzulo. Pano masamba achita chikasu, mizu ikuola. Ndi chikumbutso changa cha mayi. Ndalakwitsa pati?
Wodandaula, Zomba

Mdzukulu wanga, pukuta misozi. Wakalera ngati mpiru chifukwa cha chikondi, koma mmene wafotokozeramu, kameneko ndi okidi wa mtundu wa Aerangis, ndipo kwawo n'kumwamba.

1. Kachotse m'dothimo lero lomwe. Kamamera pa nthambi za mitengo ya m'nkhalango ndi m'mbali mwa mitsinje. Sikayamwa mtengo ayi, kamangogwirira. Mizu yake yonenepa, yotuwa, imamwa mvula ndi nkhungu, kenako n'kuuma ndi mphepo. Ukaikwirira imasowa mpweya n'kuola.

2. Dula ndi lumo latsopano mizu yonse yakuda, yofewa. Kenako kamangirire ndi luzi kapena kansalu, osathina. Ukakamanga pa mtengo wa mango, kadzagwira bwino koma sudzakasunthanso. Ngati uli m'nyumba ya lendi, sankha chikhungwa cholimba choti udzanyamule posamuka.

3. Kaike pamthunzi wolowa kuwala ndi kamphepo, poti dzuwa la masana limawaula masamba. Uzikawaza madzi m'mawa, makamaka amvula, mpaka mizu ibiriwire. Mu Okutobala uziwaza tsiku lililonse, koma mu Juni ndi Julayi chepetsa. Madzi asagone pakati pa masamba.

4. Ugwire mtima. Chaka chino mwina sikachita maluwa, ndipo zidzakuwawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukadzaona nsonga yobiriwira pa muzu watsopano, dziwa kuti kachira.

5. Apa ndikuuze mosapsatira. Kakapanda kuchira, usakwere phiri kukazula kena. Aka unachita bwino kukatola chifukwa kanagwa kokha. Abale ake omera pansi, aja amapangira chikande, akuchepa kale chifukwa chokumbidwa mosasiyako.

Maluwa amenewa amanunkhira usiku, kuitana agulugufe a usiku a mlomo wautali odzamwa timadzi totsekemera. Kakadzachita maluwa, utulutse mpando madzulo, ukhale pafupi nako, uwakumbukire mayi ako. Ngakhale kaume, chikondi chako pa iwo sichinali mumphikamo.