Katemera wa mRNA wolimbana ndi khansa wafika pati?

Funso: A Dokotala, ndamva kuti luso la mRNA limene anapangira katemera wa Covid-19 akuliyesanso pa khansa. Kodi ndikabayitsa, khansa sidzandigwira?

Yankho: Ayi, katemera wa khansayu si woteteza ngati wa HPV amene atsikana amabayitsa. Ndi wa munthu amene khansa yamupeza kale. Madokotala akachotsa chotupa, amachiunika kuti apeze zizindikiro zopezeka pa maselo a khansayo okha. Akatero amapanga katemera wa wodwala yekhayo, woti aphunzitse chitetezo cha m'thupi kusaka maselo otsalira.

Makampani a Moderna ndi Merck anayesa njirayi pa anthu 157 odwala melanoma, khansa ya pakhungu. Kwa amene analandira katemerayu pamodzi ndi mankhwala a Keytruda, chiopsezo choti khansa ibwerere kapena amwalire chinatsika ndi 44 peresenti poyerekeza ndi olandira Keytruda yekha.

Ku New York anayesa katemera wa BioNTech pa odwala khansa ya kapamba 16, ndipo chitetezo cha m'thupi cha odwala 8 chinadzuka. Ndi anthu ochepa ndithu, koma khansa ya kapamba ndi yokanika, choncho ofufuza anatchera khutu.

Zonsezi zikadali pa kafukufuku. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi mtengo, poti katemera aliyense amapangidwira munthu mmodzi.