ZA UMOYO WATHU: Kuyenda ndi banja m'mbali mwa madzi

Phunziro lathu la sabata ino liri pa mankhwala amene sagulidwa ku sitolo ndipo safuna kapepala ka dokotala. Mankhwala ake ndi kuyenda pansi. Tikambirana maka-maka za kuyenda ndi banja lonse m'mbali mwa madzi, pakuti ndi kumene kuli kamphepo ndi mthunzi, ndipo ndi kumenenso kuli ngozi zofunika kuzidziwa musanatseke citseko.

M'mizinda ina muli malo amene mabanja amazungulira madzi mosaopa kanthu. Ku Lusaka, pa University of Zambia, pali maiwe a Goma. Amene anagwirako nchito ku Johannesburg adziwa Zoo Lake, kumene makolo amapita ndi ana pa Sondo masana. Kuno kum'mawa malo okonzedwa motero ndi osowa, koma madzi tiri nao. Chipata ali ndi madamu a Lutembwe ndi Apollo. Ku Mfuwe, kucokera pa bwalo la ndeke kukafika pa ulalo wa Luangwa, mtunda woposa makilomita 20, kuli madambo, mtsinje wa Lupande, ndi matawale amene Luangwa amasiya akasintha njira yake. Njira yoyendamo tifunika kudzisankhira tokha, ndipo tisankhe mwanzeru.

NDANI AFUNIKA KUYENDA?

Ena adzati, "Munthu wamkulu kuyenda kopanda kumene apita, si za azungu zimenezo?" Amai amene amatunga madzi kutali, kuteba nkhuni ndi kulima munda, iwo ayenda kale mokwanira, ndipo phunziro ili silikuwaonjezera katundu. Tikunena inu a m'komboni amene nchito yanu ndi yokhala pansi: kalaliki, woyendetsa galimoto, telala, amai ogulitsa pa msika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, abambo amene anagula njinga yamoto ndipo tsopano ngakhale ku chalichi sapitanso ndi miyendo. Ku Mfuwe anthu otere akucuruka pamodzi ndi masitolo ndi nchito za pa bwalo la ndeke ndi m'malo ogona alendo.

Kafukufuku wa STEPS, amene unduna wa zaumoyo unacita m'dziko lonse mu 2017, anapeza kuti pafupi-fupi munthu mmodzi pa akulu asanu alionse ali ndi BP yokwera. Timati BP yakwera ikafika 140 pa 90 kapena kuposa, titapima kangapo pa masiku osiyana. Bvuto lake ndi lakuti nthawi zambiri siipweteka. Munthu amangoona ngati ali bwino kufikira tsiku limene mkono ndi mwendo zafa mbali imodzi, kapena impso zaleka kugwira nchito. Ku cipatala timalandira otere ali pa bedi, pomwe akanabwera ndi miyendo yao zaka zisanu zapitazo tikanawathandiza mosabvuta.

Munthu akamayenda mofulumirako, mtima umapopa mwamphamvu ndipo mitsempha ya magazi imazolowera kutanuka. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, nambala ya pamwamba ya BP imatsika ndi 4 kapena 5. Zioneka zocepa, koma zimacepetsa ngozi ya sitiroko. Minofu ya m'miyendo nayo imadya shuga wa m'magazi pamene igwira nchito, ndico cifukwa cake odwala shuga timawauza kuti ayendeko pang'ono akatha kudya nsima m'malo mogona pa mphasa.

Bungwe la World Health Organization, m'malangizo ake a 2020, limati wamkulu ayende kapena kucita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kugawa kwake n'kosabvuta: mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu. Pa liwiro la munthu wamba, amenewo ndi makilomita awiri ndi theka. Liwiro loyenera mulidziwa motere: mukhoza kuceza ndi mnzanu, koma mpweya sukukwanira kuimba nyimbo. Ana a zaka 5 mpaka 17 afunika mphindi 60 tsiku liri lonse. Ana ambiri amazikwanitsa okha ndi mpira ndi ulendo wa ku sukulu, koma amene amaswera pa TV ndi pa foni ndiwo ofunika kuwatenga.

Kuyenda nokha kumatha pa sabata yaciwiri. Mukapangana ndi banja, mwana ndiye amakudzutsani.

KU MFUWE, MADZI ALI NDI ENI AKE

Dziko lonse lapansi lidziwa Luangwa cifukwa ca kuyenda pansi. Norman Carr, amene anamwalira mu 1997, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu mu 1950 kutsegula msasa wa alendo, ndipo pambuyo pake anayambitsa zoyenda nao pansi pakati pa nyama. Mpaka lero alendo amatsika ndeke pa Mfuwe kudzacita zimenezi mu South Luangwa National Park. Koma taonani mmene amayendera. Patsogolo pali msilikali wa nyama wa Department of National Parks and Wildlife ndi mfuti, pambuyo pake wowatsogolera wophunzira nchito yake, onse pa mzere umodzi, ndipo ana osakwana zaka 12 satengedwa. Ngati anthu a mfuti amasamala cotero, nanga inu amene mwabereka khanda kumsana?

Midzi ya Mfuwe iri m'dera la Lupande Game Management Area, kutanthauza kuti nyama ndi anthu akhalira pamodzi popanda mpanda pakati. Apa ndipo pali pobvuta. Kutentha kwa m'cigwa, kumene mu October kumapitirira madigiri 40, kumatiuza kuti tiyende m'mbandakuca kapena madzulo. Nyama zitiuza zosiyana. Mvuu imatuluka m'madzi usiku kukadya udzu ndipo imabwerera kukuca. Munthu amene wapezeka pakati pa mvuu ndi madzi ake ali pa ngozi yaikuru, ndipo sangaipose kuthamanga. Njobvu zimalowa m'midzi usiku kutsata cimanga, ndiwo za m'dimba ndi mango, maka-maka kuyambira October mpaka December, ndipo m'mawa zimakhala zikali pa njira yobwerera.

Tsono nthawi yabwino ndi yopapatiza. Tulukani dzuwa litatuluka bwino-bwino, ca m'ma 6.30, pamene anthu a njinga ndi ana a sukulu adutsa kale, ndipo mubwerere isanakwane 8 koloko. Masana yambani ca m'ma 16 koloko, mukhale pakhomo dzuwa likali kuoneka. Mukatero mwapewanso udzudzu wa malungo, umene umayamba kuluma kukacita cisisira.

Sankhani njira yoyera, imene muona patali mbali zonse, yosadutsa m'bango kapena m'thengo lowirira. Kanjira kopondeka bwino kotsikira ku madzi, kokhala ndi mizere iwiri ndi kaudzu pakati, ndi ka mvuu, musakatsate. Mukaona ndowe za njobvu zikali zonyowa kapena nthambi zothyoledwa kumene, bwererani. Funsani a m'mudzi zimene zaoneka m'mawa umenewo, iwo ndiwo adziwa. Galu musiyeni kunyumba, cifukwa akaputa nyama amathawira kwa mbuye wake, nyama iri pambuyo. Ng'ona siioneka, ndipo thawale laling'ono lingakhale nayo. Khalani masitepe khumi kutali ndi madzi, ana akhale mbali ya kumtunda, wamkulu mbali ya kumadzi.

Kunena zoona, kwa banja la ana ang'ono ku Mfuwe ine ndikonda kuti lizungulire bwalo la mpira la pa sukulu, kapena liyende m'mbali mwa mseu wa tala kufupi ndi nyumba za anthu, madzi n'kumangowaonera patali. Pa mseu yendani ku dzanja lamanja kuti muziona galimoto zimene zikubwera. Mkati mwa mpanda wa bwalo la ndeke ndi moletsedwa, ngakhale muoneke mosalala bwanji.

Pali kanthu kenanso ka m'cigwa: kashembe. Nchenche imeneyi imakonda zobvala zakuda ndi zabuluu, conco bvalani zoyererako. Imapereka matenda a kaodzera, amene sapezeka kawiri-kawiri koma amapha msanga akacedwa kudziwika. Munthu akalumidwa, pakatuluka cotupa cowawa, thupi n'kumatentha koma popima malungo osapezeka, auzeni a cipatala kuti analumidwa ndi kashembe. Mau amenewo amatithandiza kudziwa coyang'ana m'magazi.

LIKODZO

A ku Chipata alibe mvuu pa Apollo kapena pa Lutembwe, ndipo amene miyendo yao iri yolimba ali ndi phiri la Kanjala. Koma mdani uyu ali konse, ku cigwa ndi ku mtunda komwe. Mwana akayenda, akatenthedwa, amafuna kulowa m'madzi, ndipo apa ndi pamene ulendo wa umoyo umabweretsa matenda.

Likodzo limayenda motere. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tinyongolotsi amaswa ndi kulowa mu nkhono zing'ono-zing'ono zokhala pa maudzu a m'madzi odekha. Pakapita masabata angapo, tizirombo tosaoneka ndi maso timatuluka mu nkhonomo, maka-maka masana dzuwa likatentha, ndipo timaboola khungu la munthu amene asamba, acapa kapena kungoviika mapazi. Mphindi zowerengeka zikwana. Tikakula timaikira mazira m'cikhodzodzo, ndipo mwana amayamba kukodza magazi, kawiri-kawiri kumapeto kwa mkodzo.

Kale m'midzi ina ankati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Amenewo ndi matenda. Amamaliza magazi m'thupi, mwana amafooka m'kalasi, ndipo pakapita zaka cikhodzodzo ndi impso zimaonongeka. Kwa atsikana ndi amai mazira amakhalanso m'njira ya ciberekero, kubweretsa zironda ndi kupweteka kumene ena amakuyesa matenda opatsirana, n'kuyambitsa ndeu m'nyumba popanda wolakwa. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene timapereka molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa munthu, ndipo amwedwe munthu atadya. Akabwera nao ku sukulu, lolani ana anu amwe. Dziwani cabe kuti mankhwalawa sateteza za mawa: mwana akalowanso m'madzi omwewo, adwalanso. Ngati mulibe madzi ena osamba koma a pa damu, atungeni akhale m'ndowa masiku awiri, tizirombo timafa tokha. Akumwa awiritseni kapena kuthira klorini.

Za kumira sitinena zambiri. Damu limazama mwadzidzidzi, pansi pali matope, ndipo mwana amamira mosakuwa. Musapatse mwana wa zaka 10 nchito yoyang'anira mng'ono wake pafupi ndi madzi.

MUSANAYAMBE

Ngati mwapitirira zaka 40, kapena muli ndi BP, shuga, cifuwa ca mphumu kapena bvuto la mtima, yambani mwapita ku kiliniki yapafupi, kaya ndi ku Kakumbi, ku Kamoto kapena ku Kapata, akakupimeni. Yambani ndi mphindi 10, muzionjezera 5 sabata iriyonse. Kuyenda kumathandizana ndi mapiritsi, sikulowa m'malo mwake. Musaleke kumwa cifukwa mwamva bwino. Mukamva kuwawa pa cifuwa, cizungulire, kapena kubanika kosazolowereka, imani pomwepo ndipo mubwere ku cipatala tsiku lomwelo.

Odwala shuga, musayende opanda nsapato kapena ndi patapata. Mapazi anu samva bwino munga, ndipo kabala kakang'ono kangathe kudulitsa mwendo. Mukafika kunyumba sambani mapazi, muwayang'ane pansi ndi pakati pa zala, kapena mdzukulu akuyang'anireni. Amene mubaya insulin kapena kumwa glibenclamide, ikani maswiti awiri m'thumba; mukamva kunjenjemera ndi thukuta lozizira, idyani msanga. Amai apakati angayende ngati anamwino a ku sikelo sanawaletse, koma mthunzi ukhale pafupi. Aliyense atenge botolo la madzi a kunyumba, ndipo khanda libvekedwe cisoti.